ZA PAKHOMO NDI ZA M'THENGO: Chithunzi cha Duwa ndi Dzina Lake



Makolo athu akafuna kunena kuti mawu ena alibe mutu, amati ndi za m'maluwa. Ndipo amatichenjezanso kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Tsono ndikati mwezi uno tikambe za maluwa, ndidziwa kuti ena mwa inu abambo mudzapinda pepala ili ndi kunena kuti, "Aphunzitsi asowa chonena, kodi duwa nkudya?" Ndikupemphani kuti muyambe mwaleza mtima, pakuti nkhaniyi ikhudza munda wanu, mphika wanu, ndiponso nzeru zimene ana anu adzatsala nazo inu mutapita.

Masiku ano anyamata ndi atsikana ambiri ali ndi foni zojambula. M'mawa uliwonse atumizirana zithunzi za maluwa pamodzi ndi mawu a moni. Koma mukayang'anitsitsa mudzaona kuti maluwawo ndi a kutsidya kwa nyanja, ojambulidwa ndi munthu amene sitimdziwa, m'munda umene sitidzaupondamo. Mwana yemweyo apita kukatunga madzi, nadutsa pansi pa muwale wofiira ngati makala a moto, osakweza maso. Mukamfunsa dzina la mtengowo angoti, "Ndi mtengo." Agogo ake ali khale pakhonde, adziwa dzina lake, nyengo yake ndi ntchito yake, koma palibe wowafunsa. Wina ali ndi chojambulira, wina ali ndi dzina. Ndipo chimene ndifuna kunena mwezi uno ndi ichi, kuti awiriwa akomane nthawi isanathe. Chithunzi cha duwa chopanda dzina chili ngati kalata yopanda mwini; koma chikakhala ndi dzina, mwezi ndi malo, chisanduka chuma chogawana ndi anzathu ndi chosiyira adzukulu.

Kumene ntchitoyi inayambira

Luso lojambula zithunzi ndi kuwala linalengezedwa ku Paris m'chaka cha 1839. Patangopita zaka zinayi, mu 1843, mayi wina wa ku England dzina lake Anna Atkins anayamba kutulutsa buku limene anthu ophunzira aliyesa loyamba mwa mabuku onse okhala ndi zithunzi zotere. Kodi munali mafumu kapena asilikali m'bukumo? Iyayi, munali zomera za m'nyanja. Mayiyo ankagoneka chomera pa pepala lopakidwa mankhwala, naliika padzuwa, ndipo pepalalo linkada ngati thambo, chomera nichitsala choyera. Pa tsamba lililonse analembapo dzina la chomeracho ndi dzanja lake, ndipo mabukuwo anawagawira abwenzi ake ndi nyumba za maphunziro. Onani tsono kuti chiyambire, kujambula chomera, kuchitchula dzina ndi kupatsako anzako zinayendera limodzi.

Kuno kwathu chojambulira chinafika ndi ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi ndi Shire, umene unayamba mu 1858. Pa ulendowo panali dokotala wa ku Scotland, John Kirk, amene ankatola zomera, naziumitsa, nazitumiza ku munda waukulu wa Kew ku London. Ndiponso ankajambula zithunzi za mitengo ndi malo. Chifukwa cha ntchito yake, mtengo wa msuku, umene ana athu atola zipatso zake m'mapiri muno mvula ikamayamba, m'mabuku a dziko lonse lapansi utchedwa Uapaca kirkiana, ndiko kunena kuti wa Kirk. Momwemonso mkungudza wa pa phiri la Mulanje utchedwa Widdringtonia whytei, kukumbukira Alexander Whyte amene anakwera phirilo mu 1891.

Sindinena izi modandaula. Anthu aja anagwira ntchito yolemetsa, ndipo ayenera ulemu wao. Koma taganizani: makolo athu anadya masuku zaka zosawerengeka Kirk asanabadwe, anadziwa mtengo wobala zipatso zotsekemera ndi wobala zowawasa, nanga mayina ao ali kuti? Pepala likumbuka amene analemba. Kale chojambulira ndi cholembera zinali m'manja mwa alendo okha. Lero zili m'thumba la mwana wa m'nyumba mwanu. Tikapanda kulemba tsopano, sitidzakhalanso ndi wina womloza chala.

Zimene mapiri athu ali nazo

Asakunyengeni munthu kuti kwathu kulibe chojambula. Yendani nane chaka chimodzi m'maganizo.

M'mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala, dziko likauma ndipo moto utadutsa, muwale uchita maluwa ofiira pa nthambi zopanda tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo timbalame toyamwa uchi wa m'maluwa sitichokapo. Nthawi yomweyo mitengo ya mombo ndi tsamba iphuka masamba atsopano, ena ofiira, ena ngati mkuwa, ena ngati uchi, kotero kuti munthu woima pa mtunda wa Kongwe kapena wa Mvera ayesa kuti phiri lonse lachita maluwa, chikhalirecho ndi masamba anthete chabe, amene pakapita masabata ochepa asanduka obiriwira. Mlombwa nawo utulutsa maluwa achikasu onunkhira. M'zigwa mvunguti ulendewetsa maluwa ake akuda mofiirira pa zingwe zazitali. Atseguka madzulo, mileme niwachezera usiku, ndipo pofika m'mawa ambiri agwa pansi. Wofuna kuwajambula ali pamtengo alawire kapena adikire chisisira.

Chodabwitsa china chili pa lupsa. Pamene nthaka ili yakuda ndi phulusa, mvula isanagwe ndi dontho lomwe, timaluwa tina tituluka pansi topanda masamba. Mphamvu yake tiitenga ku mizu yonenepa imene inasunga madzi ndi chakudya kuyambira dzinja lapitalo. Ndi timeneti ana aponda popita kusukulu.

Dzinja likakhazikika, kuyambira Disembala mpaka Malichi, madambo ndi nkhalango zidzaza. Apa ndiye nditchule nkhalango ya pa phiri la Ntchisi, imene boma linaipatula kuti isungidwe m'chaka cha 1924. Akuluakulu asimba kuti m'masiku a nkhondo za Angoni makolo athu ankathawira m'menemo, ndipo chifukwa inali linga lao sanaidule. Ndi imodzi mwa nkhalango zochepa zotsala m'chigawo chapakati zimene sizigwetsa masamba chaka chonse. M'katimo muli mdima ndi chinyontho ngakhale masana. Muli anchima, agulugufe, ndi mitengo ya kachere imene imera pamwamba pa mtengo unzake, nitsitsa mizu yake, niukulunga mpaka kuupha. Pa nthambi zazitali pamera maluwa a mtundu umene Azungu autcha orchid. Amenewa sayamwa mtengo monga ena aganizira. Angokhalapo ngati mlendo pa mpando, namwa mvula ndi nkhungu. M'Malawi muno muli mitundu yao yoposa 400, ndipo pa Nyika pokha pali yoposa 200. Ina imera pamitengo, ina pamiyala, ina pansi m'madambo. Za iyi ya m'madambo ndidzanenanso kutsogoloku, pakuti ili pa tsoka.

Pa masika, mu Epulo ndi Meyi, m'mbali mwa misewu yonse muli chikasu cha deliya. Ameneyu ndi mlendo. Kwao ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nako, monganso jakaranda wa pa boma ndi pa mishoni, amene kwao ndi ku South America. Koma mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa: masamba a deliya akakwiriridwa m'munda awola msanga nalimbitsa nthaka. Ndipo musaiwale maluwa a ndiwo zathu: luni ndi timaluwa take toyera ta ndevu zazitali, chisoso, chewe, denje, maungu ndi nandolo. Amayi awaona tsiku ndi tsiku, koma ndani anayamba wagwada kuwayang'ana bwino?

Chikomekome cha mkuyu

Mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere uli ndi nzeru ziwiri. Yoyamba ndi ya mkuyu weniweniwo. Kodi alipo mwa inu amene anaonapo duwa la mkuyu kapena la kachere? Palibe, pakuti maluwa ake ali m'kati mwa nkhuyu momwemo, ang'onoang'ono ndi ambirimbiri, ndipo tizilombo tokhala ngati timavu tilowa pa kabowo ka kunsonga kukawabereketsa. Ng'ambani nkhuyu yosapsa, mujambule m'kati mwake, mukaonetse ana a sukulu. Adzaphunzira chimene ambiri a ife tinakula osachidziwa.

Nzeru yachiwiri ndi yakuti si duwa lokoma lililonse lili bwenzi. M'minda ya chimanga yotopa, makamaka m'minda ya mchenga, mumera kachomera kakafupi ka maluwa ofiira okongola zedi, kamene tikatcha kaufiti. Dzina lokhalo likuuzani khalidwe lake. Mizu yake ilowa m'mizu ya chimanga niyamwa madzi ndi chakudya, ndipo chimanga chiyamba kufota kaufitiyo asanaonekere pamwamba. Chomera chimodzi chikhoza kubala njere zoposa 50,000, zazing'ono ngati fumbi, ndipo njerezo zikhoza kugona m'nthaka zaka zoposa 10 kudikira chimanga kapena mapira. Mwana wosadziwa akajambula duwa limeneli adzalitumiza kwa anzake ndi mawu akuti, "Taonani kukongola kwa munda wathu." Koma akalemba dzina lake, chithunzi chomwecho chisanduka chenjezo kwa mudzi wonse ndi uthenga kwa alangizi a zaulimi: zulani asanabale njere, ndipo chaka chamawa mubzalepo mtedza, soya kapena nandolo, ndi kuthirapo manyowa.

Liliponso duwa lina loyanga la m'dzinja, lofiira ndi lachikasu, lopindikira m'mwamba ngati malawi a moto, limene anzathu a ku Zimbabwe analisankha kukhala duwa la dziko lao. Palibe munthu alidutsa osacheuka. Koma chomera chonsecho ndi chiphe, makamaka muzu wake, umene mwana angauyese chilazi kapena mbatata. Mulijambule, mulionetse ana onse a m'nyumba, ndi kuwauza kuti ili ndi la maso okha. Za chitedze sindichita kunena zambiri; wojambula amene adzasendera pafupi ndi zikhokhombe zake zaubweya pofuna chithunzi chabwino adzaphunzira dzina lake tsiku lomwelo, ndipo sadzaliiwalanso.

Pa bowa ndiye ndichenjeze kolimba. Kujambula bowa nkwabwino. Koma kudya bowa chifukwa wina wayang'ana chithunzi pa foni nati, "Ameneyo ndi wodyedwa," ndiko kusewera ndi manda. Bowa wakupha ndi bowa wodyedwa akhoza kufanana pa chithunzi ngati mapasa. Amayi odziwa utale, manyame ndi ndelema amamgwira, amamnunkhiza, amayang'ana tsinde lake ndi mtengo umene wamera pansi pake. Zimenezi chithunzi sichinyamula. Safunsa anadya phula. Koma wofunsa afunse munthu amene ali ndi bowayo m'manja.

Kajambulidwe kake

Tsopano ndilankhule ndi inu achinyamata. Si foni ya mtengo wapatali imene ijambula bwino, koma munthu wodekha.

Choyamba, pukutani kagalasi ka kamera ndi nsalu yofewa, pakuti foni yokhala m'thumba limodzi ndi mtedza wokazinga ijambula nkhungu yokhayokha.

Chachiwiri, sankhani nthawi. Dzuwa la pamutu liwalitsa duwa loyera mpaka kusaoneka mizere yake, ndipo lichititsa mithunzi yakuda. M'mawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo litapendeka, kapena tsiku la mitambo, mitundu ioneka monga ilili. M'mawanso mphepo ikhala isanadzuke, ndipo duwa liima chilili.

Chachitatu, gwadani. Musajambule duwa muli chiimire ngati mwini munda woyang'ana waganyu. Tsikani mufanane nalo msinkhu. Tsamiritsani chigongono pa bondo kapena pa mwala, gwirani mpweya pang'ono, ndipo mukhudze pa galasi pamene pali duwalo kuti kamera idziwe chimene mufuna. Kumbuyo kwake kukakhala zinyalala zambiri, mnzanu agwire nsalu yakuda kapena chikuto cha kope kuseri kwake.

Chachinayi, ndipo ichi ndicho chachikulu, musajambule duwa lokha. Munthu sazindikirika ndi mphuno yokha. Tengani zithunzi zinayi: chomera chonse ndi malo amene chamera, tsamba kumaso ndi kumbuyo kwake, duwa chapafupi, ndi chipatso kapena khungwa ngati zilipo. Pambali pake ikani ndalama yachitsulo kapena kamtengo ka machesi, kuti woona adziwe kukula kwake.

Chachisanu, musathyole, musazule. Ubwino wa chithunzi ndi womwewu, kuti mutenga duwa kupita nalo kumudzi koma duwalo litsala pamalo pake, njuchi nizilipeza, nilibala mbewu. Duwa lothyoledwa lisangalatsa munthu mmodzi tsiku limodzi. Lojambulidwa lisangalatsa anthu zana, ndipo chaka chamawa lidzaphukanso.

Kufunsa dzina

Mukabwera nacho chithunzi, musathamangire kuchitumiza. Pitani nacho poyamba kwa agogo, mukhale pansi monga mwa ulemu, muwaonetse, ndi kufunsa mafunso anayi: Dzina lake nchiyani? Chichita maluwa mwezi uti? Chimera potani? Makolo ankachita nacho chiyani? Maso a okalamba akalephera pa kagalasi kakang'ono, kulitsani chithunzicho ndi zala, kapena muwatsogolere pamalopo ngati mpafupi. Ichi nchiyani nkulinga muli awiri.

Mudzapeza kuti mayina asiyana. Mtengo umene a kuno autcha msekese, ena autcha chitimbe. Chomera chophera nsomba ndi tizilombo chimene ena ati ombwe, ena ati mthuthu. Musakangane kuti lolondola ndi liti; lembani onse awiri, ndi mudzi umene mwamva lililonse, pakuti kusiyana kumeneko nakonso ndi chuma. Mudzapezanso kuti amayi adziwa ndiwo ndi bowa kuposa abambo, ndipo abambo adziwa mitengo ya mipini, ya luzi ndi ya ming'oma ya njuchi kuposa amayi. Funsani onse.

Alendo amene analemba mabuku a zomera zathu anayenda njira yomweyi. Jessie Williamson, amene buku lake la zomera zothandiza za dziko lino linatuluka mu 1955, ndi Brian Morris, amene analemba za bowa wa m'Malawi mu 1987 ndi za mitengo ya mankhwala ya Achewa mu 1996, nzeru zambiri anazitola pakamwa pa anthu a m'midzi onga agogo anuwo. Audrey Moriarty anajambula maluwa a m'thengo a dziko lino ndi dzanja, buku lake nilituluka mu 1975. Ndipo a banja la la Croix anatulutsa buku la maluwa a orchid a m'Malawi mu 1991. Ku Zomba kuli nyumba ya boma yosungiramo zomera zouma, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1987. M'menemo chomera chilichonse chili pa pepala lake, ndi malo ndi tsiku limene chinatoledwa. Mabuku amenewa ali m'Chingerezi ndipo sapezeka m'midzi. Nchifukwa chake tiyenera kukhala ndi athuathu.

Amene ali ndi intaneti angathenso kutumiza zithunzi zao ku iNaturalist, kumene kuyambira 2008 anthu a maiko ambiri asonkhanitsa zithunzi za zomera ndi nyama, akatswiri nathandiza kutchula mayina a Chilatini. Nkwabwino ndithu, koma katswiri wa ku London sadzakuuzani dzina la Chichewa, ndipo sadziwa kuti agogo anu ankafundika masamba ake pa chotupa. Dzina la Chilatini mudzalipeza ngakhale patapita zaka 50. Dzina la kwathu lili m'mutu mwa nkhalamba imene mwina chaka chamawa sitidzakhala nayo. Yambani ndi chimene chifulumira kutha.

Potumiza kwa abale a ku Lilongwe, ku Harare kapena ku Johannesburg, lembani pansi pake mawu owerengeka: dzina, mwezi, dera, ndi amene anakuuzani, monga "agogo akuchikazi." Munthu wa kwathu amene wakhala zaka zambiri m'tauni ya eni, akaona msuku wa pa phiri la kwao uli ndi zipatso, alandira kanthu kamene maluwa ogula a m'sitolo sangampatse, ndipo ana ake obadwira kumeneko aphunzira liwu limodzi la chinenero cha makolo ao.

Zimene sitiyenera kuulula

Kupatsa nkuika, koma wopatsa wanzeru adziwa chopereka ndi chosunga. Ndinalonjeza kunenanso za maluwa a m'madambo. Ena mwa iwo ali ndi timizu tozungulira ngati timbatata, timene anthu atisinja pamodzi ndi mtedza ndi kuphika chakudya chija chotchedwa chikande, chimene a kumpoto ati chinaka, a ku Zambia ati chikanda. Kale chinali chakudya cha pakhomo, chokumbidwa pang'onopang'ono. Koma chitasanduka malonda a m'mizinda ya ku Zambia, okumba anayamba kudutsa malire. Ofufuza ena anawerengera mu 2003 kuti timizu toposa mamiliyoni awiri tinkachoka kumapiri a kumwera kwa Tanzania chaka chilichonse kupita ku Zambia. Ndipo china mwa zifukwa zimene boma la Tanzania linapatulira malo a Kitulo mu 2005 kukhala nkhalango yotetezedwa chinali kupulumutsa maluwa amenewa. Wokumba akachotsa muzu, chomera chonse chafa. Ndipo kubzala nkovuta, pakuti njere zake nzazing'ono ngati fumbi, ndipo sizimera popanda nkhungu ina ya m'nthaka yozidyetsa.

Tsono mwana akapeza dambo lodzaza ndi maluwa otere, nawajambula, nalemba kuti ali kuseri kwa mudzi wakutiwakuti, pafupi ndi chitsime chakuti, ndiye kuti wajambulira wokumba mapu. Chithunzi chiyenda kuposa mwini wake. Chichoka pa WhatsApp ya banja, chifika pa Facebook, ndipo mawa chili m'manja mwa munthu amene simunamuonepo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Chifukwa chake pa zomera zosowa, pa mlombwa waukulu wotsala wokha, pa chisa cha mbalame, tchulani boma lokha, Dowa kapena Ntchisi. Malo enieniwo alembedwe m'kope la pakhomo, ndipo auzidwe amfumu ndi a zankhalango okha. Dziwaninso kuti foni zambiri zilemba mobisika m'chithunzi malo amene chinajambulidwira. Wodziwa foni akuthandizeni kutseka zimenezo. Ngakhale a iNaturalist aja abisa dala malo enieni a zamoyo zimene zili pafupi kutha.

Palinso malo amene chojambulira sichiyenera kulowa mwachisawawa. Tonse tidziwa kuti m'midzi yambiri ya Dowa, kumene fodya ndi makala zatha mitengo, mitengo yakale yatsala kumanda kokha. Mtima wa wojambula udzakokeka kumeneko. Koma kumanda kuli eni ake ndi mwambo wake, ndipo sikulowedwa popanda chilolezo cha amfumu. M'munda wa mnzanu, odi ayambe. M'nkhalango ya boma, muonane ndi oyang'anira. Ndipo munthu, kaya ndi mayi wothyola ndiwo kaya ndi mwana wa mnzanu, musamjambule osampempha. Mukalandira chithunzi chokoma kwa mnzanu ndi kuchitumiza kwina, nenani kuti wojambula ndi uje; kudya thukuta la wina ndi kuba, ngakhale chobedwacho chikhale chithunzi.

Kope la banja

Foni ndi chinthu chosakhalitsa. Igwa m'madzi, ibedwa pamsika, igulitsidwa pa nthawi ya njala, ndipo zithunzi zonse zipita nayo. Chifukwa chake ndipempha banja lililonse kuti ligule kope limodzi lachikuto cholimba. Pa tsamba lililonse pakhale chomera chimodzi: dzina lake, mwezi wa maluwa, pamene chimera, ntchito yake kapena kuopsa kwake, ndi amene ananena. Pamene mwapita ku Mponela, ku Madisi kapena pa boma kukagulitsa mbewu, tsukitsani zithunzi ziwiri kapena zitatu zimene zaposa zinzake, mudzazimate m'kopemo. Amene alibe foni asadzione ngati wotsalira: mwana wodziwa pensulo ajambule ndi dzanja, kapena muike tsamba limodzi pakati pa mapepala, mutsindike ndi njerwa masiku angapo mpaka liume, monga achitira a ku Zomba. Mabanja oyandikana abwerekane foni ndi kusinthana makope, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kope lotere likakhala zaka zingapo liyamba kulankhula. Lidzakuuzani kuti muwale wa pa chulu unachita maluwa mochedwa chaka chakuti. Kuti duwa limene linkadzaza dambo lakuti silinaonekenso chilimire anthu dimba pamenepo. Kuti kaufiti analowa m'munda wa kumtunda chaka chakuti, nachepa titabzalamo mtedza. Zimenezi ndi nzeru za mlimi, ndipo palibe mlendo adzatilembera.

Ntchito ya mwezi uno ndi iyi: nyumba iliyonse ipeze zomera zisanu za pafupi ndi khomo, zijambulidwe, zifunsidwe mayina kwa wamkulu woposa onse m'mudzimo, ndi kulembedwa. Inu agogo, mwana akadza ndi foni yake musamthamangitse kuti ndi zachibwana. Muuzeni zonse, ndi nthano yake yomwe ngati ilipo. Inu ana, wokalamba akatalikitsa nkhani musayang'ane kumbali. Mawu a akulu akoma akagonera. Aphunzitsi a sukulu za m'midzi angathe kusonkhanitsa makopewo pakutha pa chigawo, kuti ana a mudzi uwu aone zimene a mudzi uwo apeza.

Mwezi wamawa tidzakamba za kasungidwe ka mbewu za ndiwo zamakolo. Tsalani bwino nonse, ndipo mupereke moni kwa odwala ndi okalamba a m'nyumba zanu.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa kumapiri